Dzina la Pansi pa Mpope

Olemekezeka a Meya a tauni yathu, Mayi Fern Kutz, a Tcheyamani a bungwe la osula mfuti za gogodela muno mu Pennsylvania, Bambo Lamar Dreibelbis, abusa, ophunzira atsopano, amayi ndi abambo, ndi inu Bambo Elwood Hartzell, amene mwakhala kutsogoloku ngati simukudziwa kanthu.

Ndathokoza pondiitana. Kwa zaka makumi atatu ndinali woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale, komanso woweruza pa mpikisano wanu wosula mfuti zofanana ndi za makolo, ndipo m'zaka zonsezo sindinkalakwa. Ndinkadziuza ndekha choncho.

M'chaka cha 1981, a Hartzell anabwera ndi mfuti yawo ku mpikisano. Ndinaitembenuza, ndinainunkhiza, ndinawabwezera. Ndinati, "Achimwene, mwayesetsa, koma makolo sankasema chonchi. Pitani mukaone mfuti ili m'galasi ku nyumba yathu ya zakale ija, ya zaka mazana awiri, mukaphunzire." Riboni ya wopambana ndinapatsa wina. Ndinawatero zaka zinayi zotsatizana, mpaka anasiya kupikisana.

Kukaona anapitadi. Anaima pagalasi nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndi yabwino ndithu. Koma mwala woyatsira ongawo mwaumanga chozondoka." Ndinawalozera khomo.

Chaka chatha, amene analowa m'malo mwanga anachotsa mpope wa mfuti ija kuti aupukute. Mwambo wathu kuno mukuudziwa: wosula amadinda dzina lake pansi pa mpope, pamene thabwa limaphimba, kuti mfuti yatsopano isanamizire ukalamba. Pansi pa mpope ujawo panalembedwa kuti E. Hartzell, 1974. Anaigulitsa kwa mlenje wina, ndipo mlenjeyo atamwalira, ana ake anatipatsa n'kumati inali ya agogo a agogo awo. Chikwangwani chonena kuti ndi ya zaka mazana awiri ndinalemba ndi dzanja langali.

Ndinapita kwa a Hartzell manyazi atandigwira. Ndinafunsa, "Bwanji simunanene?"

Anati, "Aa, a Royer, ndikananena mukanaichotsa m'galasi."

Manja awo tsopano amanjenjemera, sangasulenso ina, ndipo zimenezo zimandiwawa. Mfuti taibwezera m'galasi, chikwangwani talembapo dzina lawo, mwala tautembenuza. Riboni yanu ndi iyi, achimwene. Yachedwa ndi zaka zoposa makumi anayi, ndipo amene anaichedwetsa ndine.

Ophunzira inu, mverani a Hartzell, ndipo woweruza akakubwezerani mfuti, mufunseni ngati wayang'ana pansi pa mpope.

Ndi mawu amenewa, Sukulu ya Osula Mfuti ya Elwood Hartzell ndaitsegulira. Zikomo kwambiri.