Mzamba Amene Sanabuule

Malemu athuwa anabadwa pa 9 Okutobala 1986, achitatu m'banja la ana asanu. Kuyambira ali aang'ono sankadziwa kudandaula. Minga ikawabaya ankazula okha, makolo n'kudzamva mawa lake.

Atamaliza sekondale mu 2005 anaphunzira uzamba, ndipo mu 2009 anayamba ntchito m'chipinda chochirira amayi. Kumeneko anapatsidwa dzina loti Mayi Musaope, poti ndiwo mawu amene ankalandirira nawo mayi aliyense. Mu 2011 anamanga banja ndi aphunzitsi akhala apawa.

Chaka chatha, ali oyembekezera kachitatu, anapezeka ndi nthenda ya mtima. Adokotala anawalangiza kuti matenda a uchembere akangoyamba anene msanga, abayidwe jakisoni wa pamsana wothetsa ululu, chifukwa ululu umachititsa thupi kufuna mpweya wochuluka, woti mtima wawo sukanakwanitsa. Malemu ankazidziwa bwino zimenezi, anali atafotokozerapo ena kambirimbiri.

Pa 3 Malichi chaka chino anagonekedwa m'chipinda chawo chomwe cha ntchito. Kuseri kwa katani kunali mtsikana wa mimba yoyamba, amene iwo ankamuyeza kusikelo, nthawi yake itakwana, ali ndi mantha aakulu. M'mawa mwake nawonso matenda anawayamba. Anadziwa kuti akangonena, azamba onse amusiya mwanayo n'kuthamangira kwa mnzawo wodwala mtima. Anasankha kudikira kuti iye achire kaye. Analuma nsalu, ndipo akafunsidwa ankangomwetulira.

Pamene zinadziwika, madzi anali atafika kale m'khosi. Akati agone chagada, mpweya unkawathawa. Akati awerame kuti jakisoni alowe, sizinatheke. Anangokhala tsonga, masiki ya mpweya ili kumaso, manja atakakamira zitsulo za bedi, opanda kolowera. Okosijeni anatsegulidwa mpaka pamapeto, koma thupi linkafunabe wina. Mwana anabadwa masana, iwo anamuona ndithu, ndipo anatisiya dzuwa lisanalowe. Zatipweteka kwambiri, abale, sitingabise.

Tikuthokoza adokotala ndi azamba amene anayesetsa mbali yawo, komanso nonse amene mwatigwira mkono pazovutazi. Mtsikana uja anachira bwino, ndipo ali nafe pano.

Malemu asiya amuna awo, ana aamuna awiri, ndi khanda lalikazi limene mukulimva likulira kumbuyoko. Ife apabanja tagwirizana kuti ameneyu tisadzamuphunzitse kuluma nsalu. Akamva kuwawa azinena.

Mayi Musaope, mzimu wanu uuse mumtendere.