A Dikirani Kaye ndi Kenelo ya Lachiwiri

Abwana akulu, atsogoleri a nthambi zonse, mayi athu a kunyumba, ana ndi zidzukulu, anzanga a m'chipinda chozizira cha maseva, landirani moni wanga.

Andipatsa mphindi zisanu. Zisanu zokha, pa munthu amene wagwira ntchito pachipatala pano zaka makumi atatu ndi ziwiri! Ndipitirira, ndipo wina asandilozere wotchi.

Kunyumba mumati bambo, ena mumati agogo. Ife kuno timati a Dikirani Kaye. Foni ilire, abwana atuluke thukuta, iwo kapu ya tiyi ili m'manja: "Dikirani kaye." Khalidweli sanabadwe nalo. Sabata yawo yoyamba, pofuna kuwiritsa madzi m'ketulo, anazula pulagi ina pakhoma. Inali ya seva. Makompyuta onse zii! Kuyambira tsiku limenelo sakhudza waya asanamuyang'ane kawiri.

Sekeranitu, chifukwa zikubwerazi n'zosaseketsa.

Inu abale, ndikufotokozereni. Tili ndi makina akuluakulu awiri otchedwa maseva. M'kati mwake mumakhala makompyuta angapo ongoyerekeza, ngati mabanja ochita lendi m'nyumba imodzi. Iliyonse ili ndi mtima wake, timati kenelo. Kenelo ikagwa, zonse zagwa.

Zaka zinayi zapitazo, kompyuta yosunga zotsatira za magazi inayamba kugwa. Lachiwiri lililonse m'mawa, odwala ali pamzere, sikirini bii. Mayi wina anabwerera katatu, mwana ali kumsana thupi lili moto, osamva chimene chikumudwalitsa.

Kunabwera akatswiri a masuti ochokera kunja. Sanathe ndi ola lomwe. Funso lawo linali limodzi: "Anaikhudza komaliza ndani?" Ndinali ine. Ndinali nditangoika kenelo yatsopano. Lachisanu ndinapeza kalata padesiki, akuti ndiyambe ndakhala kunyumba. Palibe anandifunsa mbali yanga. Ena a inu munkandizemba pakhonde ngati ndili ndi mphere. Musazolike, sinditchula munthu.

Bambowa analowa mu ofesi ya abwana osagogoda, kukandiyankhulira.

"Mayiyu mwamuweruza, koma mboni simunaimve."

"Mboni yake iti?" anatero abwana.

"Kenelo. Isanafe imasiya mawu."

Anasindikiza mawuwo, masamba mazana awiri a manambala okhaokha. Anakhala nawo masiku asanu ndi anayi, pensulo yofiira m'manja, magalasi ali kumapeto kwa mphuno. Ena munkati nkhalamba ikutaya nthawi, tingogula makina ena. Ndinamva zonse, makoma ali ndi makutu.

Anapeza kuti kenelo inkafera pamzere umodzi womwewo. Chifukwa chake? Lachiwiri lililonse m'mawa kompyuta ija inkasamutsidwa ili chiyakire, kuchoka pa seva yatsopano kupita pa yakale. Ikafika kumeneko, kenelo yatsopano ija inkapereka lamulo limene seva yakaleyo sinkalidziwa, basi n'kugwa. Nanga anatchera kusamukako ndani? Akatswiri a masuti omwe aja, chaka cham'mbuyo, osalemba paliponse, osauza aliyense!

Lachinayi masana bambowa anaitana akuluakulu onse. Anaisamutsa dala kompyutayo iwo akuona. Inagwa pomwepo. Anathimitsa kusamukako, ndipo mpaka lero sinagwenso.

Ine ndinabwerera pantchito. Kenako lipoti linatuluka, akuti vuto latha mothandizidwa ndi akatswiri akunja. Dzina la bambowa mulibe. Kundipepesa ine mulibe. Wolima wina, wokolola wina! Nditapita kwa bambowa ndili ndi ukali, anangondifunsa kuti, "Odwala akulandira zotsatira zawo?" Ndinati inde. Iwo amvekere, "Ndiye imwani tiyi."

Iwo zinawakwanira. Ine sizinandikwanire, ndipo sizidzandikwanira. Abwana, lipoti lija likadali m'kabati yanu. Cholembera ndabwera nacho, chili m'chikwamamu. Musanadule keke, tilikonze.

Bambo, munanditsuka dzina pamene aliyense ankaopa kuima pafupi nane. Munatiphunzitsa kumvetsera makina tisanaloze munthu chala. Zikomo ndi mawu ochepa, koma ndi amene ndili nawo.

Mayi, amuna anu ndi awa, tabweza. Foni ikalira kuchokera kuno, muziti agona, ngakhale ali pakhonde akusewera ndi zidzukulu. Akapume, akadzuke dzuwa litakwera.

Tsopano imirirani nonse. Inunso a mipando yakutsogolo, makamaka inuyo. M'manja, mpaka muwawe!