Lamulo Lachisanu ndi Chiwiri la Bambo Laban Chatsalira

Malemu bambo Laban Chatsalira, amene takhala nawo komaliza lero muno mu Oshawa, anabadwa pa 3 Malichi 1951 m'mudzi wa Chimkwita, kufupi ndi Kampepuza, m'boma la Ntcheu. M'banja mwawo anabadwa awiri okha. Bambo awo anatsikira kulichete kumigodi ya ku Joni malemuwa ali ndi zaka zinayi, ndipo analeredwa ndi mayi awo, gogo Nangozo, pamodzi ndi mlongo wawo wamkulu, mayi Christine, amene anasiyira sukulu mu Sitandade 3 kuti mwamunayu apitirize.

Malemu anayamba sukulu mu 1959 ndipo anamaliza Folomu 4 ku Blantyre mu 1970. Chaka chotsatira analembedwa ukalaliki pa kampani ina ya fodya ku Limbe. Mu 1977 anachotsedwa ntchito chifukwa chosonkhanitsa anzawo kuti adandaule za maola ogwirira ntchito. Atamva kuti akufunidwa, anadutsa malire pa Mchinji n'kukakhala ku Lusaka. Kumeneko ndiko anakumana ndi mfundo za sosholizimu, zimene ankazinena mwachidule kuti wolima adye, wogwira ntchito alamule.

Pa 12 Sepitembala 1981 anamanga banja ndi mayi Mathilda, namwino wochokera ku Zomba. Anafika ku Canada mu Novembala 1984. Anagwira ntchito zaka zitatu m'nyumba yosungira katundu ku Etobicoke, kenako mu 1987 analowa fakitale ya magalimoto muno mu Oshawa, kumene anamangirira zitseko za galimoto mpaka kupuma kwawo mu 2016. Ambiri mwa inu mumawadziwa ngati woimira antchito anzawo pafakitalepo.

Pa 1 Meyi 1998, m'chipinda chapansi cha nyumba yawo, anayambitsa Chipani cha Antchito ndi Alimi, cha chizindikiro cha khasu ndi sipanala. Anaima pa mpando wa pulezidenti wa Malawi kanayi: mu 2004, 2009, 2014 ndi 2019. Maulendo onse anakhala kumapeto kapena pafupi ndi kumapeto. Ankasunga tchuthi chawo chapantchito kuti akachitire kampeni, ndipo kumudzi ankayenda pa minibasi ndi pa kabaza. Zaka makumi anayi akhala muno, unzika wa Canada sanautenge, chifukwa lamulo lakwathu silinkalola munthu wa mayiko awiri kupikisana pa mpandowo. Pamisonkhano yathu ya Amalawi ku North York anzawo ankawaseka kuti, "A Pulezidenti, nduna zanu zili kuti lero?" Iwo ankayankha osamwetulira n'komwe, "Zili pa shifiti, achimwene. Zathu nduna zimagwira ntchito."

Pali nkhani ina imene malemu anatilamula kuti isadumphidwe powerenga mbiri yawo, ndipo tiinena monga inachitikira.

Tonse tikudziwa kuti kwathu nthawi ya kampeni andale amathamangira maliro. Amagula bokosi, amatumiza galimoto ya mbendera, amalankhula kumanda. Malemu ankadana nazo kwambiri zimenezi, ndipo m'malamulo a chipani chawo analembamo lachisanu ndi chiwiri: m'nyengo ya kampeni, woimira chipani asagule bokosi, asapereke ufa, asalankhule pamaliro alionse. Ankati maliro si msonkhano. Kumayambiriro kwa Epulo 2004 anachotsa m'chipani mnyamata wina woimira chipani ku Mchinji amene anagulira bokosi mnansi wake, ndipo anamuchotsa poyera, anthu akumva.

Pa 28 Epulo chaka chomwecho gogo Nangozo anamwalira. Malemu anali pa kampeni ku Balaka, ndipo anafika pasiwa tsiku lomwelo, opanda chovala chilichonse cha chipani. Akuluakulu a banja atawaitanira kuseri n'kuwafunsa za bokosi, monga mwana wamwamuna yekhayo, komanso wochokera kunja, iwo anayankha kuti sangathe kufikira chisankho chitadutsa. Anapempha kuti achibale akhome bokosi la matabwa a pakhomo, zina adzakonza pambuyo pake. Anaopa kuti akagula bokosi adzakhala atathamangitsa mwana wa eni pa chinthu chimene iwo achita pasanathe mwezi.

M'mawa mwake munthu wa chipani china, amene ankafuna uphungu wa deralo, anatumiza bokosi pagalimoto ya mbendera yake. Banja linalandira. Amene analankhula kumanda ndi iyeyo. Malemu anakhala kumbuyo, pakati pa adzukulu okumba manda, osatsegula pakamwa. Anthu atabalalika, mayi Christine anawapeza pamphambano n'kuwauza kuti, "Labani, amayi ako agona m'bokosi la eni ake, iwe uli pompano ndi manja awiri. Pita kuchisankho chako. Pakhomo pano palibe voti." Malemu ananyamuka madzulo omwewo, osadikira kumeta. Mu 2006 banja linamanga chiliza osawauza.

Kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo pa mayi awo. Mu 2009, pamsonkhano waukulu wa chipani, anabweretsa okha chiganizo choti lamulolo lisakhudze maliro a kholo, mwana kapena mbale wa bere limodzi. Chinadutsa popanda wotsutsa, ndipo iwo anangoti chachedwa. Mnyamata wa ku Mchinji uja anamufunafuna n'kukamupepesa pakhomo pake. Koma kwa mlongo wawo sanapite. Zisankho zitatu zotsatira anachititsa msonkhano pa Kampepuza, pamene munthu woyenda pansi amafika ku Chimkwita chakudya chisanazizire. Msonkhano ukatha ankaima kanthawi pamene njira yakumudzi imapatukira, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Mayi Mathilda akawafunsa pafoni ngati alowa, yankho linali limodzi: "Amake Kevin, ndikanena chiyani?"

Amene mwakhala nawo kuno mudziwa kuti pa maliro a Mmalawi aliyense, kaya ku Etobicoke kaya ku Scarborough, malemu ankafika oyamba. Ankakonza mipando, kuchotsa chipale chofewa pakhomo, kunyamula bokosi. Akapatsidwa mpata woti alankhule ngati wamkulu, ankakana. Ambiri tinkayesa n'kudzichepetsa chabe.

Mu Novembala 2023 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mapapo. Analandira thandizo kwa chaka chathunthu, koma mu Disembala 2024 matenda anakula ndipo anagonekedwa m'chipatala. Mu Januwale chaka chino anaitana mkazi wawo ndi ana n'kunena kuti aikidwe muno mu Oshawa. Mwana wawo wamkazi, Ulemu, atafunsa chifukwa chake, poti moyo wawo wonse unali wa ku Malawi, anayankha kuti, "Munthu amene sanaike mayi ake sapempha malo pambali pawo." Ulemu anapempha kuti aimbire azakhali ake foni. Iwo anakaniza. "Musawavutitse achemwali. Ndinawavutitsa kale." Ana anamvera. Mayi Mathilda anamvera. Achibale tonse amene tinali ndi nambala ya kumudzi tinamvera, chifukwa malemu akanena chinthu ankakhala atanena.

Anatisiya Lamlungu pa 9 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 73.

Mwa mwambo, uthenga wa maliro unayenera kufika kwa mlongo wawo usanafike kwa wina aliyense. Ulemu, amene anabadwira kuno ndipo Chichewa chake n'chochepa, anapempha kuti anene yekha, amayi ake ali pambali kumuthandiza mawu. Mayi Christine, amene tsopano ali ndi zaka 79, anamvetsera uthengawo mpaka kumapeto. Kenako anati, "Mwana wanga, chaka chilichonse cha chisankho ndinkawamva bambo ako pachimkuzamawu cha pa Kampepuza. Ndinkasesa bwalo, n'kuyala mphasa pakhonde. Ndinamuthamangitsa ndine, inde. Koma mkulu akakalipa, wamng'ono amabwerako mawa lake. Ine ndimadikira iye, iye amadikira ine, onani lero." Atauzidwa za manda a ku Oshawa anati, "Ayi. Canada ali ndi anthu ake. Mubwere naye kuno."

Motero banja linatsala ndi mawu awiri otsutsana, a malemu ndi a mlongo wawo. Loweruka pa 15 Febuluwale tinakhala pansi m'chipinda chomwe chija chapansi, ndipo titalephera kugwirizana, tinachita monga iwo anatiphunzitsira, kukweza manja. Kevin, Ulemu ndi achibale onse anakweza kuti thupi lipite kumudzi. Mayi Mathilda okha ndiwo anakweza kuti mawu a amuna awo atsatidwe. Anati, "Chisankho chilichonse ndinali mbali yawo, ngakhale tinkatsala awiriwiri. Lero sindiwasiya okha." Manja atatsika anafunsa tsiku la ndege, n'kuyamba kulongedza.

Choncho tikudziwitseni kuti mwambo wa lero ndi wotsanzikana chabe. Thupi linyamuka pa bwalo la ndege la Pearson Lachiwiri pa 25 Febuluwale, ndipo lidzaikidwa ku Chimkwita Loweruka pa 1 Malichi, pambali pa gogo Nangozo. Tikudziwa kuti taphwanya mawu awo omaliza. Koma malemu anagonja pa zisankho zinayi ndipo sanakanepo zotsatira. Tikhulupirira kuti izinso azilandira.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Mathilda Chatsalira. Ana awiri, Kevin wa ku North York ndi Ulemu wa muno mu Oshawa. Zidzukulu zitatu, Nthanda, Austin ndi Sungeni. Ndiponso mlongo wawo, mayi Christine, amene akuwadikira kumudzi.

A banja akuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, abusa ndi amayi a mvano amene sanasiye pakhomo, abale athu achisilamu motsogozedwa ndi bambo Salim amene ayendetsa za ulendowu, anzawo a kufakitale amene anyamula bokosi lero, abale a ku Zambia amene aimba nafe, ndi mamembala a chipani amene adzalandire thupi ku Lilongwe. Iwowa apemphedwa kuti kumanda asadzalankhule, ndipo avomera.

Bambo Laban Chatsalira, pitani kwanu. Mzimu wanu ukause mumtendere.