Mpando Wanga Wayang'ana Kumsewu

Olemekezeka a Wapampando a bungwe la akabaza, bambo Sharif. Olemekezeka mafumu athu a kuno kwa Malemia. Abusa ndi mashehe. Mayi Christobel, inu amene mwatimangira malo ano. Amayi ndi abambo nonse, ndakulonjerani.

Mwandiitana ine, mphunzitsi wopuma, kuti nditsegulire malo otchajira njinga zamoto zoyendera magetsi, chonsecho ngakhale yakapalasa inandikana kalekale. Sekani ndithu. Koma mwina munadziwa kuti m'chigwa chino cha Domasi palibe amene wawadikira malowa kuposa ine.

Mayi akunyumba atatisiya, ndinatsala ndi mwana mmodzi, Kingsley, amene amayendetsa kabaza ku Limbe. Ali ndi njinga yapetulo ankabwera mwezi ndi mwezi, ndipo ndinkaimva ikutsokomola isanakhote n'komwe pamsewu waukulu, ine n'kuteleka madzi a tiyi. Petulo atavuta anagula yamagetsi, ndipo ndinakondwera naye. Koma chigulireni sanapondenso kuno. Ndikamuimbira amati, "Adadi, ndibwera bwanji? Batire ikandithera ku Domasi nditchaja pamtengo wa mango?" Pafonipo ndimaseka, koma ndikadula ndimatsala ndekha m'nyumba yonse ija. Kusungulumwa kumapweteka, abale anga, sindikubisirani.

Choncho kwa inu akuluakulu amene mumagawa mapolo ndi mawaya, pempho langa ndi ili. Njinga izi ndi zabwino, sizifuka utsi, sizigona pamzere wa mafuta, koma ulendo wake umathera pomwe magetsi athera. Malo amodzi sangakwanire. Kuseri kwa mapiriwa kuli midzi yomwe polo sinaionepo, ndipo kumenekonso kuli makolo amene akudikira ana awo. Magetsiwo afike, ndipo akafika asamangothimathima.

Dzulo ndinamuuza Kingsley kuti potchajira papezeka. Anangoti, "Tiona, adadi." Mwaona ndikungocheukira kumsewu uku ndikuyankhula, mundikhululukire. Njinga zatsopanozi sizilira, ndiye sindidzamumva akubwera. Mpando wanga ndauchotsa kuseri komwe tinkakhala ndi mayi ake, ndauika pakhonde, wayang'ana kumsewu. Akapanda kubwera tsopano, ndidziwa kuti vuto silinali batire.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti malo otchajira ano atsegulidwa. Anyamata inu, lumikizani njinga zanu, koma potchajira pamodzi pokha mundisungireko.

Zikomo kwambiri.