Mapepala Anga Anasanduka Ndudu

Chaka chatha ndinataya mkazi, mwana amene sindinamunyamule, nyumba yomwe ndinamanga kwawo ku Chiosya, ndi mwayi wopita ku yunivesite.

Ndinali nditamaliza dipuloma pa kakoleji kakang'ono, ndipo ndinkafunsira malo ku yunivesite, kumene amatenga ochepa. Mkazi wanga anamwalira pobereka, kutatsala sabata kuti atseke kulandira mafomu. Poti ndinali mkamwini, maliro atangotha mlongo wake anandiuza kuti ndizipita kwathu. Anatenga zonse, ngakhale sutikesi momwe munali mapepala anga.

Nditabwerera kukapempha, ndinawapeza alamu angawo pakhonde akupichira fodya pepala la magiredi anga.

"Za m'sutikesi ya mlongo wanga ndi zathu, alamu," anatero akuyatsa. "Komatu maphunziro anuwa akukoma."

Ndinabwerera kwathu chimanjamanja. Koleji inandipatsa mapepala ena, ndipo chaka chino ndafunsiranso. Poyamba ndinkafuna zaulimi, tsopano ndalemba zamalamulo.

Alamu, ndikudziwa mumamvera pulogalamu ino ya pa wailesi. Ndikadzamaliza, mlandu wanga woyamba udzakhala wanu. Sindinakhululuke, chifukwa tikunyamuka kupita kuchipatala, mlongo wanuyo anandiuza mawu awa, ndipo sanandilankhulenso:

"Bambo, mapepala aja ndawaika m'sutikesi yanga, kuopa chiswe. Musachedwe kukatumiza."