Helikopita ya Genzo ndi Mfundo za Msodzi

Genzo Kuwabara, wokonza njinga wa m'tauni ya Choshi, anali nkhutukumve yeniyeni. Anazula injini pa mpope wothirira mpunga n'kupangira helikopita, ndipo mkazi wake Ohatsu anali ataneneratu kuti ikapanda kunyamuka lero, injiniyo ibwerera kumunda. Womanga zingwe zogwirira helikopitayo ku zikhomo poiyesa anali Tomekichi, mlongo wa Ohatsu, msodzi amene ukamuuza chinthu amachita chomwecho osathirako nzeru zake.

"Alamu, mwaimanga?" anakuwa Genzo ali pampando.

"Ngati bwato langa, monga munanenera."

Injini inabangula, mapiko n'kuzungulira, nkhuku balala! Helikopita inangonjenjemera pomwepo.

"Yakwera bwanji?"

Tomekichi anagwada n'kusuzumira kunsi. "Nyerere ikhoza kudutsa itawerama."

"Yalemera basi! Wakhani nsapatozi!"

Nsapato zamatabwa zinagwa kwakwata.

"Nanga pano?"

"Lauluka ndi fumbi lokha."

Genzo anaponya jekete. Anaponya mpunga wa nkhomaliro, mpando, kenako buluku. Bambo wamkulu ndithu anatsala ndi kansalu ka m'chiuno, mano ali gwedegwede.

"Alamu, anthu akuyang'anatu pampandapo."

"Ayang'ane! Adzasimbira zidzukulu!"

"Ee, kusimba kokha adzasimba."

Genzo anapsa mtima. Analumphira pansi injini ikulirabe, n'kupunthwa pa chingwe. Chinali chokungika ngati waya, kuyambira pa chikhomo mpaka pa mwendo wa helikopita.

"Aaa! Ichi n'chiyani? Chingwe choyesera chimafunika mpata, kuti ndege ikwereko pang'ono!"

"Munati ngati bwato. Langa lija ngakhale namondwe wa chaka chatha sanalisunthe."

"Ndiye inyamuka bwanji?"

"Inenso ndimadabwatu. Koma odziwa za makina ndinu."

"Masulani!"

"Zonse zinayi?"

"Ndati masulani!"

Paja mfundo ya msodzi imamasuka ndi kukoka kamodzi. Tomekichi anakoka kanayi. Helikopita ija, yopepuka, yopanda munthu, inanyamuka bwinobwino, n'kupitirira denga ikudzandira ngati woledzera, mpaka khuvuu m'matope a m'munda wa mpunga, pambali penipeni pa mpope.

Genzo anangoiyang'ana, misozi ili chuchuchu. Chimwemwe ndi chisoni zinamugwira nthawi imodzi.

"Yauluka, alamu... Yauluka popanda ine!"

Tomekichi anamupatsira buluku lake mwaulemu, ndi manja awiri.

"Valani, musalire. Achemwali sakuvutaninso ayi. Injini yabwerera yokha kumunda."