Aphunzitsi Amene Anabisa Chitsulo cha Belu

Malemu mayi Flossie Nakhumwa anabadwa pa 12 Malichi 1958 kwa Khwethemule, m'banja la bambo ndi mayi Muhuwa, amene anali othyola tiyi. Sukulu ya pulayimale anaphunzira kwawo komweko, ya sekondale ku Blantyre, ndipo mu 1980 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Mu 1982 anamanga banja ndi bambo Stafford Nakhumwa, ndipo anayamba kuphunzitsa pa sukulu ya pa esiteti pano.

Mu 1994, sukulu itakhala yaulere, ana anabwera ngati ngumbi. Mwa anawo munali Teleza, mwana wa mayi Magdalena othyola tiyi. Teleza sankayankhula kwenikweni ndipo sankayang'ana munthu m'maso. Belu la sukulu linali limu ya thirakitala yopachika pamtengo. Akangoliomba, mwanayo ankatseka makutu n'kuthawira m'munda wa tiyi. Tisabise, ambirife tinkanong'onezana kuti makolo ake anamukhwimira. Komiti ya sukulu inagamula kuti azikhala kunyumba.

Malemu anakana. Amene munawadziwa mukukumbukira kuti akati ayi, ngakhale bambo Nakhumwa ankangopita kukapalira. Malemu anayamba kumuyang'anitsitsa mwanayo, ndipo anaona kuti sathawa aphunzitsi kapena anzake, koma phokoso la belu. Tsiku lina anatenga chitsulo choombera belu n'kuchiika m'chikwama mwawo. Sukulu inachisaka masiku atatu. Atafunsidwa, anachitulutsa pamaso pa ahedi ndi komiti n'kunena kuti, "Chitsulo ichi ndi mwana uja, sankhanipo chimodzi chotsala pa sukulu pano."

Akuluakulu a sukulu anawaopseza kuti awasamutsira kutali, koma sanagwedezeke. Pomaliza belu linaleka kulira. M'malo mwake ankakweza nsalu yofiira pa nsungwi, ndipo palibe mwana anachedwa chifukwa cha zimenezo. Teleza anakhala m'kalasi.

Mu 2001 malemu anapita ku Chiradzulu kukaphunzira kaphunzitsidwe ka ana ofunika chithandizo chapadera. Atabwerako anatiuza kuti vuto la Teleza lili ndi dzina, ndi otizimu, ndipo si ufiti. Tinachita manyazi. Kuyambira pamenepo ankayenda m'malayini a antchito, mpaka ku Luchenza ndi ku Bvumbwe, kupempha makolo kuti asatsekere ana otere m'nyumba. Ena ankawathamangitsa, koma iwo ankabwerera mawa lake, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mu 2006 Teleza, atabwereza makalasi angapo, anakhoza mayeso a Sitandade 8. Lero amagwira ntchito ku nazale ya tiyi.

Malemu anayamba kudwala matenda a shuga mu 2007, koma choko sanachisiye mpaka miyendo itakana. Anagonekedwa m'chipatala ku Thyolo pa 20 Julaye chaka chino cha 2009, ndipo anatisiya pa 3 Ogasiti ali ndi zaka 51. Mtima ukutipweteka kwambiri.

Asiya amuna awo, ana atatu, Reginald, Josephine ndi Tamando, komanso zidzukulu ziwiri. Ife a banja tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, aphunzitsi anzawo, akuluakulu a esiteti amene atithandiza ndi galimoto, adzukulu okumba manda, ndi nonse amene mwagona nafe pano.

Ena mwadabwa kuti belu la tchalitchi silinalire lero. Sikuti taiwala mwambo. Ali m'chipatala, malemu anapempha abusa kuti pa maliro awo belu lisaombedwe, kuti Teleza athe kudzawaperekeza osathawa. Abusa anavomera, ndipo Teleza ali nafe pano, wakhala pafupi ndi bokosi. Mukaona wakweza nsalu yofiira, tonse tiimirire, nthawi yopita kumanda yakwana.

Mzimu wa mayi Flossie Nakhumwa uuse mumtendere.